Injini ya boti m'mgolo wa bambo

Ndinakwatiwa ndi msodzi, ine wa ku Lobi, amene madzi ambiri omwe ndinkadziwa anali a m'ndowa. Mwezi wachiwiri ndili kwa amuna anga kunsi kwa phiri, injini ya boti lawo inayamba khalidwe lachilendo. Ikalizidwa inkathamanga bwinobwino, koma boti likangotalikira inkafooka, n'kutsokomola, n'kuzima. Amuna anga ankatsegula chigubu cha petulo kuona ngati watha, n'kupeza alimo. Akatseka, injini inkalira ngati palibe chachitika, kenako n'kufookanso.

Anasintha pulagi. Anatsuka kabuleta kawiri. Pamenepo alamu anga anatulukira chomwe chavuta: ine. Ankati injini inali bwino mpaka tsiku lomwe mkazi wa kumapiri anafika pakhomo, ndipo ndi bwino ndikapume kaye kwathu. Aliyense amadziwa kuti wokapuma kwawo sabwerera. Ndinkachita mantha, ndipo ndinkalira ndekha pokatunga madzi.

Bambo anga ankakonza mapampu othirira m'madimba. Boti anali asanaligwirepo. Komabe ndinaumirira kuti tikawaonetse, ndipo injini inakwera phiri pamwamba pa minibasi, itakutidwa ndi chitenje changa.

Kwathu anthu anasiya kukumba mbatatesi kudzaona. Mayi wina anafunsa ngati imagaya chimanga.

"Akamwini, imeneyi imazizira ndi chiyani?" anafunsa bambo.

"Madzi, bambo. Popanda madzi ipsa."

Anaimangirira pathabwa, mchira wake m'mgolo. Ndowa zodzazira mgolowo ndinasenza ndine, kuchokera kumjigo, m'mphepo ya Juni. Italira, madzi anawaza onse a kutsogolo, ndipo palibe anasuntha.

Bambo sanagwire sipanala. Anakhala pampando wawo, manja m'thumba la jekete, n'kumangomvetsera. Amuna anga anandiyang'ana, ine ndinayang'ana mgolo. Patapita nthawi injini inayamba kufooka. Anthu onse maso anali pa injini, koma bambo ankayang'ana chigubu cha petulo, chomwe chinali chitaphwa m'mbali ngati tsaya la munthu wopanda mano. Anamasula chitsekerero pang'ono. Chigubu chinapuma, injini n'kudzuka.

"Petulo akamatuluka, mpweya uzilowa," anatero. "Pachitsekerero apa payenera kukhala kabowo."

"Kalipo, bambo. Ndinaboola ndekha ndi msomali," anatero amuna anga.

Kabowoko ndinkakadziwa. Tsiku lina nditasenza chigubucho kupita nacho kuboti, petulo anandidonthera pampango. Kwathu chigubu chodontha sitichisiya choncho. Ndinatenga kachidutswa ka sopo n'kumatapo mwaluso, pamwamba n'kupaka dothi kuti pasaoneke. Ndinkadziona ngati mkazi wosamala zinthu za mwamuna wake, ndipo sindinauze munthu.

Bambo anatokosa kabowoko ndi waya. Chomwe chinatuluka anachipekesa ndi zala, n'kununkhiza. Sanandiyang'ane nthawi yaitali, koma anandiyang'ana.

"N'chiyani, bambo?" anafunsa amuna anga.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule.

"Iwe, kaonjezere madzi m'mgolomu," anatero bambo. Kenako anatembenukira mkamwini wawo. "Ndi tizilombo timene timamanga ndi dothi tija. Tikaona bowo sitidutsa. Mukawauze abale anu kuti n'timeneto."

Anapukuta zala mkati mwa thumba la jekete.

Injini inalira ola lathunthu osatsokomola. Amuna anga anagwira dzanja la bambo ndi manja awiri, ndipo tinatsika phiri tonse, ine ndi amuna angawo. Alamu anga atamva za tizilombo anati ankaganiza kale zomwezo.

Bambo anga anali munthu wosanena bodza ngakhale la nthabwala. Wogula mbatatesi ankamuuza okha kuti pansi pa thumba pali zing'onozing'ono, mayi akukwiya pambali. Patapita milungu iwiri mayi anandiimbira foni. Atatha za mphepo ndi za nyemba anati, "Kodi bambo ako unawatani? Loweruka adzuka m'mamawa, avala jekete, ati akukalapa kwa ansembe. Ndawafunsa chomwe alakwa, akuti tizilombo."