Dothi la Achimwene Pansi pa Bwalo la Masewera

Ndinaganiza zopita ku Halale tsiku limene kalata ya maliro a achimwene anga a Lemani inafika kwathu ku Dedza. Inabwera mochedwa, munthu ataikidwa kale, ndipo anatiwerengera ndi aphunzitsi a m'mudzi mwathu. Amayi sanalire pomwepo. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Yohane, upite ukanditapire dothi la pamanda pake. Mwana wanga asagone kuchilendo ngati alibe kwawo." Ndinavomera msanga kwambiri, ndipo lero poti ndakalamba ndingathe kuulula chifukwa chake. Chisoni chinalipo, inde, koma mtima wanga unali pa njinga ndi jekete zonga zimene anzanga ankabwera nazo.

Amalume anandiuza lamulo lake kawiri konse, ngati akulankhula ndi gonthi. Dothi la pamanda silisungidwa m'nyumba ya eni. Tsiku limene watapa, ndi tsiku lomwelo loyamba ulendo wobwerera. Ndinagwedeza mutu osaganiza kuti zimenezi zikutanthauza kuti tsiku lotapa dothi ndi tsikunso losiya ntchito.

Ku Halale ndinafikira ku komboni ya Tafara, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya bambo Zuze, mkulu wochokera ku Tete amene anayendetsa maliro a achimwene. Lamulungu loyamba ananditengera kumanda. Mandawo anali kuseri kwa nyumba zomalizira, m'mphepete mwa dambo, kumene anthu obwera tinkaikana tokhatokha. Panalibe miyala yolembedwa kapena mitanda. Ife tinkaika pamtumbira mbale ndi kapu ya malemuyo, titaziboola ndi msomali kuti wakuba asazisirire. Ya a Lemani inali mbale yachitsulo yoyera, ya mkombero wobiriwira, pafupi ndi chulu. Ndinagwada n'kunena kuti, "Achimwene, ndabwera. Mundidikire pang'ono, ndipezeko ya ulendo."

Pang'ono ameneyo anasanduka zaka zinayi. Ndinapeza ntchito yonyamula matumba kumafakitale a ku Msasa, njinga ndinagula, jekete ndinagula ziwiri. Ndalama kumudzi ndinkatumiza, sindinama, ndipo kalata iliyonse ndinkaimaliza ndi mawu akuti ndikubwera mvula ikatha. Mayankho a amayi ankalembedwa ndi dzanja la aphunzitsi, ndipo funso lawo la dothi lija silinkasintha. Ndinkaika makalatawo pansi pa mphasa. Kusungulumwa kwa m'tauni n'koipa, anthu inu. Umakhala pakati pa khwimbi, ana a Chishona akukukuwiza kuti mubhurandaya, dzina lawo la ife a ku Malawi, ndipo palibe amene amadziwa dzina la amako. Mwina n'chifukwa chake sindinkafulumira. Achimwene ali pansi paja, ndinali ndi wachibale woyendera Lamulungu.

Inali nthawi imene azungu a m'dzikomo anadzipatsa okha ufulu, mayiko ena n'kuwafulatira, nkhondo ikuyaka kutchire. Akuluakulu ena a zamasewera anaganiza zoitana alendo ku mpikisano waukulu, wothamanga, wa mpira, wa nkhonya ndi wosambira, kuti dziko lapansi lione kuti kwawoko kuli bata. Pankafunika bwalo latsopano, ndipo mkangano unayambira pomwepo. Ena ankalifuna kufupi ndi nyumba zawo m'tauni. Ena ankati malo kumeneko ndi odula, limangidwe cha ku Tafara kumene kuli thengo laulere. Amalonda a fodya analonjeza ndalama, kenaka anabweza mawu poti fodya wawo sankagulidwa kunja. Ife zonsezi tinkazimva kwa anzathu ophika, amene ankaperekera tiyi pamisonkhano imeneyo n'kumadziyesa osamva Chingerezi.

Tsiku lina kunabwera mzungu woyeza malo, n'kuyamba kukhoma zikhomo mozungulira dambo lonse. Bambo Zuze anavula chipewa n'kumuuza kuti pamenepo pali manda. Iye anayang'anayang'ana, n'kufunsa kuti miyala yake ili kuti. Atamulozera mbale zathu, anaseka pang'ono n'kulemba m'buku mwake kuti ndi potayira zinyalala. Akuluakulu a bungwe lathu la maliro anakumana, koma wopita kukadandaula anasowa. Tonse tinali ndi zitupa za alendo. Wolankhula kwambiri ankamukweza galimoto n'kukamutula kumalire, apo ayi ankamunena kuti amadyetsa anyamata a kutchire.

"Tapa dothi uzipita, mwanawe," anandiuza bambo Zuze tikuchoka pamsonkhanopo. "Usati mangwana, mawa ayi. Lero lomwe."

"Aaa, bambo, zikhomo zimenezi akhoma n'kuzula kangati? Zina mpaka chiswe chadya. Anthu amenewa kukangana ndiye amatha, koma kumanga ayi."

"Iwe uli ndi nharo ngati m'bale wako," anatero, kutanthauza makani, n'kundisiya.

Chimene chimandichititsa manyazi ndi ichi: kampani yomanga itayamba kulemba anthu, ine ndinali m'gulu loyamba kufola. Malipiro ake ankaposa a ku Msasa. Ndinadzinamiza kuti ndikakhala pomwepo ndidzaona zonse zikubwera, ndipo ndidzatapa nthawi ikadalipo. Kwa miyezi tinkangolambula msewu n'kumadikira kuti mabwana agwirizane.

Anagwirizana tsiku limene kapitawo ananditumiza ku Msasa kukakweza simenti. Pobwera masana ndili pamwamba pa lole, ndinaona fumbi lofiira patali. Chithalakitala chokankha dothi chinali chitayambira mbali ya kumanda. Ndinadumpha lole isanaime. Chulu panalibe, mitumbira panalibe, malo onse anali see ngati bwalo lopunthira mapira. Bambo Zuze ankayendayenda pamenepo akutola tizidutswa ta mbale n'kumaika m'chipewa. Sanandikalipire. Bola akanandimenya.

Ndinagwirabe ntchito pamenepo, chifukwa ndikanapita kumudzi ndi chiyani? Tinathira konkire pamwamba pa anthu athu. Nthawi zina fosholo inkagunda kachitsulo m'dothi n'kulira kuti ngwee, ndipo tonse obwera tinkaima osayang'anana. Mpaka lero m'nyumba mwanga mulibe mbale yachitsulo. Adzukulu anga amayesa ndi matama a munthu amene anakhalako kunja.

Tinamanga mbali imodzi yokha ya mipando, masitepe ataliatali okwera kumwamba. Kenaka ndalama zinatha, mayiko oitanidwa aja anakana kubwera, ndipo mabwana anayambiranso kulozana zala kuti malowo anasankha ndani. Palibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anathamangapo pabwalo limenelo. M'mawa wa tsiku limene anatichotsa ntchito, ndinatenga chitini cha tiyi, ndinayeza ndi maso pamene ndinkaganiza kuti panali chulu, n'kutapa dothi m'munsi mwa masitepe. Ndinanyamuka tsiku lomwelo, kudzera ku Tete, m'malole operekezedwa ndi asilikali. Njira yonse ndinkaloweza bodza langa, loti dothilo ndatapa pamtumbira weniweni wa achimwene.

Amayi ndinawapeza maso atachita khungu. Amalume anakumba kadzenje kumanda a kwathu, achibale anasonkhana, ndipo ndinapereka chitini chija ndi manja awiri. Amayi anapempha kuti achigwireko. Iwo anali woumba mbiya moyo wawo wonse, dothi ankalidziwa ndi zala. Anatsegula, anatapa pang'ono, n'kulifikisa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala.

"Yohane, muli simenti umu. Mwana wanga munamuika m'nyumba?"

Bodza lija linandithawa. Ndinafotokoza zonse pamaso pa anthu, za mbale, za zikhomo, za zaka zinayi, ndi kuti sindikudziwa ngati m'chitinimo muli achimwene kapena anthu ena amene anasakanizidwa nawo. Ndinadikira kuti anditemberere. Koma iwo anangouza amalume kuti asakwirire kaye, adikire mawa.

Mawa lake kumanda kunadzaza amayi amene sindinkawayembekezera, ena ochokera m'midzi ya kutsidya kwa mtsinje. Mbiri inali itawanda kuti kwabwera dothi la anthu onse amene anafera ku Halale. Ndili mwana ndinkawaona amayi amenewa akulima okha, osadzifunsa kuti amuna awo ndi ana awo ali kuti. Tsopano ankabwera mmodzimmodzi kudzanditchulira dzina. Kodi a Fulaye analipo pamenepo? Nanga Sandikonda, wamtali, wa chipsera pachipumi? Ambiri sindinawamvepo n'komwe, ndipo ndinkayankha zoona, kuti sindikudziwa.

"Ngati sukudziwa, ndiye kuti mwina alimo," anatero mayi wina wokalamba, n'kutambasula nsonga ya chitenje chake.

Ndinayang'ana amayi anga. Iwo anali atagwira chitini pamiyendo, ndipo anayamba kutapa ndi zala zawo zomwe, pang'onopang'ono, kupatsa aliyense wotambasula nsalu. Mzere unali wautali kuposa mmene ndinkadziwira mudzi wathu. Amalume anawanong'oneza kuti asamale, litha. Amayi sanaleke mpaka womaliza atalandira.

Kenaka anapendeketsa chitini, anagogoda pansi pake, n'kukhuthulira chotsalacho m'dzanja langa. Sichikanadzaza supuni.

"Kamuike m'bale wako," anatero. "Wadikira mokwanira."