Beseni Limene Ndinaiwala Pamaliro

Titafika ku Seraleng, dera la migodi m'dziko la eni, ine ndi amuna anga tinapeza kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya bambo ena achikulire, Mtswana. Anagwira ntchito mumgodi mpaka chifuwa chinawatulutsa, ndipo akamatsokomola m'mawa malata athu ankachita kuyankhira. Ndinkangowatchula kuti bambo. Iwo ankanditchula kuti mayi wa ku Malawi, ngati kuti dziko lonse lija linabereka ine ndekha.

Pansi pa mapazi athu panali pulatinamu, mwala umene maiko olemera amaulimbirana, koma pampopi pathu pankangotuluka mpweya. Madzi ankabwera pa lole, ndipo loleyo inkaudziwa bwino msewu wathu chisankho chikayandikira. Chisankho chikadutsa, dalaivala ankasochera.

Mgodi unkapereka gawo lake loti litukule anthu a m'deralo, ndipo gawolo linkadutsa m'manja mwa komiti. Komiti yomweyo ndi imene inkasankha anthu oti alembedwe ganyu kumgodi. Amuna anga analowera khomo lomwelo, choncho ife pakamwa tinkatseka. Koma bambo aja mawu sankawasunga m'kamwa. Msonkhano uliwonse dzanja lili m'mwamba: chipatala munalonjeza chija chili kuti, mapaipi aja munawakwirira mbali iti?

Tsiku lina ndikuchapa ovolosi ya amuna anga, bambo aja anakhala pa ndowa yovundikira n'kundiuza m'Chingerezi chathu chothyokathyoka chija: "Mma, mtsogoleri wodya msonkho wako amakuopa, poti ukakwiya agona ndi njala. Nanga wodya za pansi pa nthaka, iwe akufunirenji? Kafunse kumaiko okumba mafuta. Voti yako aigula ndi thumba la ufa. Ukakana, pali njira ina yotchipa kuposa ufawo."

Ndinaseka, ndinayesa ndi nkhambakamwa za okalamba.

Bambo aja anaomberedwa ndi mfuti masana dzuwa likuswa mtengo, akuthirira ndiwo zawo zamasamba ndi madzi otsukira mbale. Ndinamva kuphulika ndikuyesa ndi tayala, kenako galimoto ikuchoka mosathamanga n'komwe. Nditatuluka ndinawapeza ali gone pageti, chitini chothirira chikutayabe madzi. Msewu wonse unali zii, zitseko zili tseketseke. Apolisi atabwera kudzafunsa, panalibe amene anaona kanthu.

Kutatsala pang'ono kuika maliro, amuna anga anandikhazika pansi. "Usapiteko," anatero. "Akomiti akakhala akuona amene wapita. Khadi langa la pageti la kumgodi likasiya kutsegula, tidya chiyani? Ndipo khadi ndi nkhani yaing'ono. Kwa eni kulibe mkuwe, mayi."

Magazi anandiwira. Munthu tagona naye mpanda umodzi, watisungira madzi lole ikabwera ife kulibe, ndiye ndikhale m'nyumba ndikumva nyimbo za maliro ake pa malata? Kwathu wothawa maliro a mnansi amamuti mfiti, ndipo zikadzamugwera iye, adzukulu amamusiyira khasu kuti akumbe yekha. "Maliro n'kulirana," ndinawayankha motero. Ndinamanga chitenje ndi duku, n'kunyamula beseni langa lalikulu kuti ndikathandize kusenda mbatata ndi kutsuka mbale, monga achitira mkazi aliyense woleredwa.

Mu tenti munali mipando yambiri yopanda anthu. Munthu woti ankapereka moni kwa msewu wonse! Panali achibale ochokera kumudzi kwawo ku Photsaneng ndi amayi angapo a kutchalitchi basi. Mayi wamasiye, akazi a malemuwo, atandiona anandigwira dzanja mwamphamvu n'kundinong'oneza kuti, "Wabwereranji, mwana wanga? Bwerera." Ine ndinayesa ndi chisoni chikuwalankhulitsa.

Kumanda nyimbo zinkamveka zowonda, aliyense akuimbira m'khosi. Zinandipweteka, ndiye ndinalira mmene timalirira kwathu, mokweza, ndikuwatchula bambo anga. Nditapukuta maso m'pamene ndinaiona galimoto yoyera itaima kuseri kwa manda, magalasi ake akuda. Galasi limodzi linali lotsitsa pang'ono, ndipo pampatapo panali foni italoza kwa ife, ikujambula. Foniyo inkayenda pang'onopang'ono, nkhope ndi nkhope, mpaka inaima pa ine. Sindinadikire chakudya, ndinadzera njira ya kuseri mpaka kunyumba, beseni ndinaliiwala komweko.

Masiku otsatira ndinkakhala ndi mantha ngati ndameza mwala. Amuna anga akapita kuntchito ndinkaopa kuti abwerako msanga, khadi litakana. Nthawi yoweruka ikakwana ndinkaopa kuti sabwerako. Galimoto iliyonse ikachepetsa liwiro pamsewu ndinkasiya chimene ndagwira.

Ndiye tsiku lina m'mawa, ndikuyanika zovala, kunabwera mnyamata wamkulu ndithu, wovala bwino, nsapato zopanda fumbi m'dera lafumbi lokhalokha. M'manja anali ndi beseni langa, lotsukidwa mpaka kuwala. Beseni lija linalibe chizindikiro chilichonse, ndipo mnyamatayo sanagogode kunyumba yaikulu kufunsa mwini wake. Anangolunjika pakhomo panga.

"Dumela, mma," anandipatsa moni m'Chitswana. "Munaiwala ichi."

Anayang'ana ovolosi ili pachingwe, n'kuigwira pamkono ngati akuona ngati yauma. "Abambo ali pa shifiti ya m'mawa, eti? Pansi paja m'poopsa, miyala imangogwa yokha." Anamwetulira. "Mumalira bwino, anthu a ku Malawi. Koma ku Malawi n'kutali, mma. Mukafera kuno, adzakulirani ndani?"

Ndinalandira beseni ndi manja awiri, bondo litapinda, n'kunena kuti zikomo. Mpaka lero zikomo ameneyo amandinyansa, koma ndi amene anatuluka.

Khadi la amuna anga silinafe. Akutsikabe pansi, ndipo mpopi ukutulutsabe mpweya. Pamisonkhano, ndimamva kuti masiku ano manja amakwera pokhapokha povomereza. Beseni lija ndimatungira madzi lole ikabwera, ndipo mayi wamasiye ndimawagawirako mobisa, podutsira kuseri.

Kwathu uthenga wa maliro ukafika, funso limakhala limodzi: tiika liti? Kuno ndisanamange chitenje, ndimayamba ndafunsa kuti malemuwo anamwalira bwanji.