Mkamwini wokana madzi mwezi wa Okutobala

Loweruka lapitali ndinatsala pang'ono kubwerera kwathu ku Kapata ndikukankha njinga ziwiri. Mpaka lero mutu wanga sunakhazikike, ndiye mundithandize kuganiza, awerengi.

Mnzanga Tembo, kalaliki wa pa boma kuno ku Foti Jemusoni, anandipempha kuti ndimuperekeze kwa apongozi ake ku Kasenengwa, kumene mkazi wake anakachirira mwana wamwamuna. Tinapangana zonyamuka m'bandakucha, koma munthu anatha m'mawa wonse akusita buluku. Tinanyamuka dzuwa lili paliwombo, iye ali m'jekete yaubweya, tayi ili pakhosi. Nditamuuza kuti avule, anandifunsa ngati ndinaonapo kalaliki akufika kwa apongozi ngati wodula nkhuni. Botolo la madzi nalo analisiya, akuti limatupitsa thumba.

Tinafika thukuta litamuuma, milomo ili mbuu. Mthunzi unali pakhonde pokha, pomwe panali apongozi, ndiye Tembo anakakhala padzuwa chapatali, nkhope kumbali, monga achitira mkamwini wolangika. Mayiwo anatula chikho cha madzi pafupi nafe. Ine ndinagugudiza osafunsa. Tembo anati, "Zikomo amayi, tamwa kale panjira." Bodza lenileni. Koma mkamwini angakweze chikho, kholingo n'kumayenda, apongozi akuona?

Sipanapite nthawi, anayamba kuyankha moni wa anthu omwe panalibe, kenako anagwera chammbali. Ndinachita mantha kwambiri.

Mayi aja, amene kwa zaka zitatu sanamuyang'anepo m'maso, ndiwo anamukokera pamthunzi. Anamuvula jekete, tayi ndi malaya omwe, n'kumukhuthulira mtsuko wonse, akumukupiza ndi lichero. Atatsegula maso, anamugwirizira chikho pakamwa kuti azimwa pang'onopang'ono.

"Imwani, akamwini. Zaulemuzo tidzakambirana muli moyo."

Apa ndi pamene ndasokonezeka. A diresa, othandiza dokotala kuchipatala, amatiuza kuti nyengo ino tiziyenda m'mawa, titavala zopepuka ndi chipewa, tizimwa madzi ludzu lisanatipeze. Kuofesi nako akuti munthu wophunzira sayenda wopanda jekete, ngakhale mzungu amene anatiphunzitsa zimenezi iye ali pa kabudula. Kumudzi akuti mkamwini wabwino sadya kapena kumwa pamaso pa apongozi. Onsewa ndi anthu otifunira zabwino. Nanga atatuwa akakumana pa munthu mmodzi, masana, pa njinga, amvere uti?

Sindikunyoza mwambo, ayi. Inenso apongozi anga ndimawapatukira kutchire tikakumana panjira, ndipo sindichita nazo manyazi. Koma akuluakulu omwewo ndiwo anati manyazi adapha lambe. Ndiye anafuna kuti titenge ziti?

Ndimayesa Tembo adzathokoza. Tinabwerera mawa lake, kuli chisisira. Tikulowa m'tauni ndi pamene anandiuza kuti ku Kasenengwa sadzapondakonso, chifukwa apongozi amuona pachifuwa ngati khanda, ndipo bola akadangomusiya. Sankaseka. Ngakhale mwana wake sanamunyamule, anangomusuzumira.

Ndamumvera chisoni, ndamukwiyiranso, osadziwa kuti chachikulu n'chiti. Mwanayo akadzakula n'kufunsa chifukwa chomwe atate ake safikira kwa agogo, tidzamuuze kuti analakwa ndani, wokana madzi kapena womwetsa?