Mawu a aNabanda ali m'foni ya Tadala

Moni nonse, a bandulo ya intaneti yanuyanu ndi obwereka omwe.

Mdzukulu wanga Tadala, uja timamuseka kuti amangozungulira midzi kujambula nkhalamba pa foni, lero wanditha. Wandipeza kuno ku Nsaru ndikusankha fodya pakhonde. Akuti, "Agogo, siyani kaye, mumve izi."

Ndangomva munsi ukugunda mumtondo, kenako mawu a malemu mayi anu, aNabanda. Kani anawajambula akusinja asanayambe kudwala! Nyimbo yakenso yonena ine, ati dazi langa limawala kuposa nyali ya kutchalitchi. Pakati pa nyimbo atsokomola, n'kuseka kuseka kwawo kuja kwa m'mphuno. Ndimati ndiwabwezere, ndangotembenukira kumbali. Misozi ndanamizira fumbi la fodya.

Tsono iwe Yohane, ukuti mwana wako Tadalayu asiye za mbiri yakale akaphunzire kusoka, poti zakale sadya. Mwina ukunena zoona, ine sukulu ndinalekezera sitandade folo. Koma makina osokera akanandibwezera mkazi wanga lero?

Enanu mukuti bwanji? Mundiyankhe pang'onopang'ono. Foni ija ndamulanda, ndikufuna aNabanda andinyozenso.