Zimene Ndinanena M'chigafa

"Amake Tadala, kodi atsikana awiriwa ndi pachibale, kapena pali china?" Anandifunsa choncho aneba anga Lamlungu lapitali, tikuonera sewero pa kanema m'nyumba mwanga, ine ndikuswa mtedza. Ndinangoti, "Tiyeni tizionera, mwina atiuza okha." Anaseka, nati ine ndimachedwa kugamula ngati khoti la ku boma. Sanadziwe kuti funso ngati lomwelo ndinaliyankhapo mothamanga ndili mwana, ndipo yankho langa linasamutsa munthu m'mudzi.

Ndikukumbukira nthawi imene matipate anali atangobwera. Ndinali mu Sitandade 4, ndipo ntchito yanga ya Loweruka inali yopita kuchigayo ku Malomo. Mwini chigayocho anagula vidiyo, naiika m'kachipinda ka kuseri, nalamula kuti aliyense wodikira kugayitsa azilowa ulere. Tinkasiya zitini zathu pamzere, mwala pamwamba, n'kulowa. Mazenera ankatseka ndi masaka. M'katimo munkanunkha dizilo, gaga ndi thukuta, ndipo tonse tinkakhala mbuu ndi ufa m'mutu ngati tachokera kumanda.

Mafilimu ake anali a anthu a kutali, olankhula zimene panalibe ndi mmodzi yemwe ankamva. Ndiye panali bambo wina wokonza njinga amene ankakhala kutsogolo n'kumatimasulira. Chilankhulocho iyenso sankachidziwa, koma pakamwa pake sipankauma. "Apa akuti, iwe galu, wandibera mbuzi!" Chonsecho mbuzi sinaoneke chiyambire filimu. Ife tinkangovomera.

Ndikabwerera kumudzi, ntchito yachiwiri inkandidikira. Inali nyengo yosankha fodya, ndipo amayi anga, amayi aang'ono a Rute, mnzawo a Elube ndi amayi ena oyandikana nafe ankakhala m'chigafa miyendo ili tambalale, akusiyanitsa masamba ofiira ndi otuwa. Iwo ku vidiyo sankapita, ankati akumpingo angawaone. Choncho vidiyo yawo ndinali ine. Ndinkaima pakati, n'kumaponya mateche m'mwamba mpaka diresi kung'ambika m'khwapa, iwo n'kumagamula. A Nabanda, amene nyumba yawo inayang'anana ndi yathu, anali ndi lamulo limodzi: woipa akapanda kufa, filimuyo ndi yabodza.

Amayi aang'ono okha ndi amene ankandifunsa mosiyana. "Zimenezo ndi za wokonza njinga," ankatero. "Nanga iwe unaona chiyani?" Ndiwo anandiphunzitsa kuyang'ana manja ndi maso a anthu, osangomvera pakamwa. Anali asanakwatiwe, ngakhale amuna atatu anali atabwerapo kudzafunsira. Ankaimba kwaya, mawu awo ankamveka mpaka kumsewu. A Elube anali atabwerako ku banja, ankakhala ndi alongo awo, ndipo anali ndi dimba la kabichi kumtsinje. Awiriwa kumunda limodzi, kotunga madzi limodzi, ndipo palibe amene ankadabwa, poti mkazi aliyense ali ndi mnzake wa pamtima.

Loweruka lina kunabwera filimu ya akazi awiri odziwa ndewu, ovala mathalauza, okhala okha m'kanyumba ka paphiri. Mmodzi atalasidwa paphewa, mnzake anamutsuka bala, kenako anayamba kumupesa tsitsi pang'onopang'ono, kwa nthawi yaitali mpaka anyamata m'chipindamo anayamba kukuwa kuti ndewu ibwerere. Pambuyo pake kunabwera mwamuna wolemera kudzatenga wovulala uja. Wotsalayo anaima pakhomo osalira, maso ali pa mnzakeyo mpaka anazimiririka. Wokonza njinga anati, "Apa akuti, mchemwali wanga wapita, ndani azindithandiza kusinja?" Anthu anaseka. Ine sindinaseke. Ndinali ndi azichemwali anga awiri, ndipo tinkalimbirana bulangete mpaka kulumana. Mkulu wanga akamandipesa ankachita ngati akuzula chisoso. Pachibale sayang'anana choncho.

Madzulo ake m'chigafa ndinafotokoza zonse, mateche ndi malupanga omwe. A Nabanda anafunsa ngati woipa anafa, ndinati anafa, anakhutira. Kenako amayi aang'ono anafunsa funso lawo la masiku onse. Ine ndinadzitukumula, poti ulendo uno ndinali ndi yankho la ine mwini.

"Wokonza njinga wanama. Sanali pachibale ayi. Ankakondana. Ankamuyang'ana ngati mmene inu mumawayang'anira a Elube akamakulukani tsitsi."

Ndimakumbukirabe phokoso la masamba a fodya likuleka. A Elube anali atagwira tsamba m'manja, analiyang'anitsitsa ngati lalembedwa kalata. Amayi anati, "Iwe Nelesi, kaone ngati nkhuku zalowa," dzuwa likadali pamwamba. Ndikutuluka ndinamva a Nabanda akuseka pang'ono, nati, "Ee, mwanatu sanama."

Sindinadziwe kuti ndalakwa chiyani. Ndinkayesa ndanena chinthu chokoma. Koma mawu aja anayenda kuposa ine. Anafika pamjigo, anafika kwa amayi a kumpingo, anafika kwa atsibweni. Zimene anthu ankaziona zaka zonse osaziwerengera, tsopano zinapeza dzina, ndipo dzinalo ankalinena monong'ona ife ana tikamadutsa. Akulu a kwaya anauza amayi aang'ono kuti ayambe apuma kaye. Fodya asanapite kumsika, alongo awo a a Elube anawakweza panjinga ndi kathumba kamodzi, ati akukathandiza achibale kwina. Kabichi wawo anaphukira maluwa kudimba osadulidwa.

Ndinadikira kuti amayi aang'ono andimenye. Ndinkafuna atandimenya, kuti zithe. Koma tsiku lina tikuchapa kumtsinje anangonditenga dzanja, nayamba kundichotsa phula la fodya m'zikhadabo ndi kamtengo.

"Sunaname, mwana wanga," anatero. "Maso ndinakupatsa ndine. Ndinaiwala kukuphunzitsa poika zimene waona."

Kuyambira pamenepo ndinkapitabe kuchigayo, koma m'chigafa ndinkangofotokoza mateche. Funso lija sanandifunsenso.

Panapita zaka zisanu ndi ziwiri. Sukulu ndinali nditalekeza Sitandade 8, ndipo amayi anagonekedwa kuchipatala ku Madisi, ine wowadikirira. M'mawa wina ndinatuluka kukagula nthochi pageti. Mayi wogulitsayo anali ataweramira dengu, koma ndinazindikira manja ake ndisanaone nkhope. Anali a Elube. Ndinafuna kuthawa, koma anandiyang'ana kuyambira kumapazi, nati, "Nelesi! Wakula chonchi? Mateche aja ukuponyabe?" Anandiwonjezera nthochi ziwiri. Kenako, akukonzakonza dengu limene linali lokonzeka kale, anafunsa, "Onse ali bwino kumudzi?" Ndinadziwa kuti onse amene akufunsawo ndi munthu mmodzi.

Ulendo uno nkhaniyo ndinaisunga mumtima masiku anayi. Nditabwerera kumudzi kukatenga ufa, sindinauze amayi ena, sindinauze atsibweni. Ndinadikira mpaka tinatsala awiri, ine ndi amayi aang'ono, m'munda wa mbatata, ndipo ndinanena motsitsa mawu kuti pageti la chipatala pali wogulitsa nthochi amene amafunsa za anthu a kuno. Amayi aang'ono anapitiriza kukumba, mbatata ziwiri anazidula ndi khasu, iwo amene sankadula mbatata. M'mawa mwake ndinawapeza atasamba kale, thumba la ufa lili pamutu. "Iwe watopa," anatero. "Mkulu wanga ndikamudikirira ndine."

Amayi anachira, anabwerera kumudzi. Amayi aang'ono anatsala.

Lero ali ndi kanyumba kogulitsiramo tiyi ndi masikono ku Madisi, iwo ndi a Elube. Anthu amangowatcha amayi a tiyi. Olankhula alipo, sangasowe, koma tiyi wawo amamwabe. Amayi anga amapitako kukagona masiku awiri, n'kubwerako akudandaula kuti a Elube amathira shuga wambiri. Mwana wanga Tadala onse awiri amawatcha agogo, ndipo amakangana kuti amubereke ndani.

Masiku ano kanema ali m'nyumba, wokonza njinga safunikanso, ndipo ana akuona zambiri kuposa zimene ife tinkaona kuseri kwa chigayo. Mitima ya anthu sinasinthe msanga ngati makinawo, komabe ndikuona ikufewa pang'onopang'ono, ngati fodya wouma akamva chinyezi cha m'mawa. Tadala akadzayamba kuona zimene ena sakuona, sindidzamutseka maso. Ndidzangokhala naye pafupi kuti aziyamba wauza ine.

Zambiri zinabwerera m'malo mwake, ndipo ndimathokoza. Zimene sizinabwerere ndimazidziwa, si zambiri: dimba la a Elube linapita kwa ena, amayi aang'ono sanaimbenso kwaya, ndipo awiriwo anataya zaka zisanu ndi ziwiri.