Chikatoni Chachiwiri cha Tinenenji

M'mawa uliwonse, podikira kuti madzi awire m'ketulo, Tinenenji amazungulira m'khitchini ya mabwana ake ku Al Twar, mu mzinda wa Dubai, n'kumatseka zitseko za makabati, chimodzichimodzi, ndi chala chimodzi. Sayang'ana ayi, amamvetsera. Chitseko chabwino chimangofika n'kukhala chete. Chodwala chimakhula m'munsi, kapena chimabwerera pang'ono ngati munthu woti waiwala kanthu. Akapeza chotere amatulutsa kachidutswa ka kandulo m'thumba la epuloni, n'kupaka pokhulapo. M'nyumbamo palibe akudziwa chifukwa chake makabati awo salira.

Khalidweli anatengera kwa bambo ake, a Gwengwe, kalipentala wa pa Kamwendo ku Mchinji. Mwana wamwamuna analibe, ndiye wogwira tepi anali iyeyo kuyambira ali Sitandade 4. Ankakhoma makabati, mabenchi a tchalitchi ndi mabokosi a maliro. "Chinthu chotseka umachiyeza chili chotseka," ankatero a Gwengwe. Zimenezi anaziphunzira pa maliro a bambo wina wachimimba, ndipo nkhani yake sankakonda kuifotokoza. Pano maso awo anachita khungu, puleni anaipachika, ndipo pakhomopo akudya thukuta la Tinenenji. Iye atalemba Fomu 4 analera ana ku Area 47 ku Lilongwe zaka ziwiri, kenako ejenti anamupezera malo ku Dubai, kwa Bwana Nick ndi Madamu Jenifer, azungu a ku Joni.

Azunguwa ali ndi kalavani yaing'ono yokoka ndi galimoto, yonenepa kutsogolo, yowonda kumbuyo, ngati dontho la msozi logona chammbali. M'kati mwake muli matiresi a anthu awiri basi. Kumbuyo kuli chitseko chokhota chomwe chimatseguka chokwera m'mwamba, timikono tiwiri tachitsulo n'kuchichirikiza, ndipo pansi pake ndi pamene pali khitchini: kambaula ka gasi, kafiriji, ndi shelefu. Pakati pa pogona ndi khitchiniyo pali kawindo kopatsirana kapu ya tiyi. Kutentha kukachepa, cha mu Novembala, amaikoka kupita kukagona kuchipululu kapena kumapiri, ndipo wophika pa khitchini imeneyi ndi Tinenenji.

Wokoka kalavaniyo ndi Kasuba, dalaivala wa pakhomopo, mwamuna wa ku Lusaka wokonda mafuta onunkhira ndi magalasi akuda. Pa ulendo wina wa kumapiri a ku Hatta mabwana anatsogola pa galimoto ina, awiriwa n'kumatsatira. Kasuba anali pa foni, akuseka ndi munthu wina, ndipo hampu anaiona atafika kale pamwamba pake. Kalavani inadumpha. Tinenenji anamva kumbuyoko kuti phwaa!

Shelefu ya nthawi imeneyo inali thabwa losalala lopanda mpanda. Atatsegula chitseko pamalo ogonawo, makapu a dothi omwe Madamu anasiyiridwa ndi malemu mayi awo anali zidutswa zokhazokha m'mafuta ophikira. Mwa asanu ndi imodzi inatsala kapu imodzi.

"Ine nayenda bwino, madamu, pang'onopang'ono," anatero Kasuba m'Chingerezi chake chothamanga, dzanja lili pachifuwa. "Koma uyu ndamuuza kangati? Amangoponya zinthu ngati akulongedza mbatata."

Tinenenji anatsegula pakamwa, koma Chingerezi chonse cha ku sekondale chinathawa. Madamu sanakalipe. Anangotola kapu yotsalayo n'kunena mofatsa kuti kontirakiti ikutha mu Febuluwale, ndipo zoti aiwonjezere kapena ayi aona ukatha ulendo wotsatira, wa kuchipululu cha ku Liwa. Kufatsa kumeneko kunamupweteka kuposa mbama.

Lamlungu lotsatira, atatuluka m'tchalitchi, anakaona Stellah, mnzake wa ku Dedza yemwe amaluka tsitsi mu saluni ina ku Muraqqabat. Stellah anamvetsera uku zala zili m'mutu mwa kasitomala.

"Ndiye iweyo sukudziwa? Kasuba wakoyo ali ndi msuweni wake, Lulu. Mwezi wonse uno akumuuza kuti akonzeke, ku Al Twar kupezeka malo. Malo ake ati? Ako omwewo, mwali."

"Ndamulakwira chiyani?"

"Wagona pa bedi lomwe akufuna m'bale wake. Kulakwa kwina kukhalanso kotani?"

Mu sitima ya metro pobwerera, Tinenenji anayang'ana nyumba zitalizitali zikudutsa pawindo, koma sanaone ndi imodzi yomwe. Ankaona hampu ija basi.

Anaganiza zodzipulumutsa ndi chimene manja ake ankadziwa. Masana, mabwana ali kuntchito, anang'amba katoni ya madzi akumwa n'kujambulapo shelefu yatsopano: mpanda wa zala zitatu kutsogolo, mabowo ozungulira oti kapu iliyonse izikhala m'dzenje lakelake, timipata toimikamo mbale, ndi lamba wogwira mabotolo. Kenako anatseka chitseko chakumbuyo chija, n'kukwawira pa matiresi, n'kupisa mkono pa kawindo kaja, chikatoni china chili m'manja. Anachikanikiza kuchitseko, n'kutuluka, n'kumeta ndi lumo, n'kulowanso. Kasanu ndi kawiri, thukuta likuyenderera m'maso, mpaka chikatonicho chinatenga kukhota kwenikweni kwa chitsekocho. Pokhapo ndi pamene anaona kuti chitseko chikatsika chimadya malo ambiri m'mwamba, mwakuti shelefu yapamwamba inayenera kuchepa ndi chikhatho chathunthu, ndiponso kusemedwa m'mbali kuti timikono tija tipeze pogona.

Chikatoni chachiwirichi anachiika pansi pa matiresi ake kuti achiwongole. Choyamba chija ndi chimene Kasuba anamupeza nacho m'galaji.

"Eh, ba injiniya ba ku Mchinji!" anaseka, n'kumulanda. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kuseka n'kuchepa. "Manje iwe na manyazi yako uzakamba bwanji na bosi? Leta, nizamupasa ine. Nizamuuza ati ni iwe."

Madzulo ake Tinenenji ali kusita m'kachipinda kochapira, komwe windo lake limayang'ana ku galaji, anamva zonse. Kasuba anafotokoza momwe maganizowa anamubwerera ali pa mzere wa magalimoto mumsewu, chifukwa chomvera chisoni makapu a Madamu. Bwana Nick anamumenya paphewa. Dzina la Tinenenji linatchulidwa kamodzi kokha, pamene Kasuba ananena kuti ndi shelefu imeneyi ngakhale mtsikana uja sangaswe kanthu.

Malaya omwe ankasitawo anapserera pakolala. Anawapinda bwinobwino, n'kupita kuchipinda kwake, n'kutukula matiresi. Chikatoni chachiwiri chinali chitawongoka. Anachiyang'ana, n'kubwezeretsa matiresi pamwamba pake.

Loweruka Kasuba anabwera ndi matabwa a pulayi kuchokera ku Al Quoz, odulidwa kale mabowo ku shopo ya amwenye, pensulo ili kukhutu. Anatsegula chitseko mpaka m'mwamba, n'kuitana.

"Tine! Yalla, fulumila, bwela ugwile tepu. Gwila apa. Osati apo, apa! Mwana wa kalipentala wa bwanji iwe?"

Anagwira. Anaona tepi ikuyenda kuchokera kukhoma la m'kati mpaka kumlomo kwenikweni kwa kalavani, m'mwamba chimodzimodzi ndi m'munsi. Kasuba anawonjezeranso zala ziwiri kuti poto wamkulu akwanepo. Mawu a bambo ake anafika pakhosi n'kuima pomwepo.

"Ili bwino, ai?"

"Inu ndi amene mukudziwa, achimwene."

Kunena zoona, Kasuba manja anali nawo. Anamanga zolimba, ndi guluu ndi misomali yopota, n'kupaka vanishi katatu. Mantha a Tinenenji anali amodzi okha: kuti tsiku lina angotseka chitsekocho ali yekha, aone vutolo, akonze mwakachetechete. Choncho Kasuba atangogwira chitseko madzulo a tsiku loyamba, iye anatulukira ndi nsalu yakale ya pabedi.

"Musatseke, achimwene. Vanishi akauma chotsekera, fungo limalowa m'matiresi. Madamu ndi mphuno zawo zija mukuzidziwa."

"Na fumbi?"

"Ndiphimba ine."

Masabata awiri anaphimba khitchiniyo madzulo aliwonse, n'kumangirira nsaluyo ndi mapegi, m'mawa n'kuvundukula, n'kupukuta. Madamu mpaka anamuyamikira kuti wayamba kusamala zinthu. Pa tchalitchi, pofika pa mawu akuti monga ifenso tiwakhululukira adani athu, ankangoyendetsa milomo.

Tsiku la ulendo wa ku Liwa linafika, Loweruka m'mawa, kunja kuli kamphepo. Madamu anali atagula makapu ndi mbale zatsopano. Kasuba anapempha kuti alongedze yekha, mtsikanayo aime pambali aphunzire. Kapu iliyonse inalowa m'dzenje lake. Mbale zinaima m'timipata. Mabotolo a mafuta, uchi ndi msuzi wa tomato anawandandalika kutsogolo kwenikweni kwa shelefu yapamwamba, n'kuwakoka ndi lamba. Bwana Nick ankajambula pa foni kuti akaonetse anzawo. Madamu anabweretsa kapu ya malemu ija n'kuiika okha m'bowo lakutsogolo.

Apa Tinenenji anasendera pafupi. Mayi wakufayo sanamulakwire kanthu.

"Ili ndi fumbi, madamu. Ndikaitsuke kaye." Anaichotsa n'kuilowetsa m'thumba la epuloni, pamodzi ndi kandulo uja.

"Khalas, zatha!" anatero Kasuba, n'kukoka chitseko.

Chinatsika bwinobwino, kenako chinaima, patatsala mpata wolowa mkono. Kasuba anaseka pang'ono, n'kuyang'ana foni ya Bwana yomwe inali ikujambulabe. Anakankha. Chinakana. Munthu wina akanatsegula kuti aone, koma osati Kasuba pamaso pa kamera. Anachigwira ndi manja awiri n'kuchigwetsera thupi lake lonse.

Thabwa linalira kuti khwaa! Mabotolo anaphulika motsatizana, kamkono kamodzi kanapindika n'kuzuka ndi misomali yake, ndipo pansi pa chitseko panayamba kutsika uchi wosakanikirana ndi tomato, pang'onopang'ono, mpaka pa nsapato zoyera za Kasuba.

 Tinenenji anamva kukoma kuyambira kuphazi mpaka kuliwombo, ngati madzi a mumtsuko tsiku la dzuwa. Anaweramitsa mutu kuti nkhope isamuulule.

"Masabata awiri," anatero Bwana Nick, foni itatsika. "Masabata awiri, sunatsekepo ndi kamodzi komwe? Munthu woganiza mabowo a makapu angaiwale bwanji chitseko?"

Kasuba anatchula vanishi, anatchula amwenye a ku Al Quoz, anatchulanso tepi. Fisi akagwa m'mbuna salankhula, koma uyu analankhula mpaka Bwana anamusiya ali chilankhulire n'kulowa m'nyumba. Ulendo unalephereka. Madamu anakhala pa sitepe, manja ali kumaso. Tinenenji anapita n'kuwaikira kapu ija pamiyendo, yamphumphu, n'kukatenga tsache.

Akusesa magalasi, Kasuba anamuyandikira, mawu ali pansipansi.

"Unaziba, iwe mfiti."

"Ine wolongedza mbatata ndingadziwe chiyani?"

"Nili na bana batatu ku Matero, Tine."

"Inenso ndili ndi bambo osaona ku Kamwendo. Nyamulani phazi, mwaponda galasi. Mumupatse moni Lulu."

Kutacha Lamlungu, tsiku lake lopuma, Tinenenji sanavale za ku tchalitchi. Anatseka makabati ake ndi chala monga mwa masiku onse, kenako anatukula matiresi, n'kutuluka ndi chikatoni chachiwiri. Pamene Bwana Nick ankabwera kothamanga, anamupeza m'galaji atazula kale shelefu yosweka, atagoneka chikatonicho pa thabwa lotsala, akulemba mzere wokhota ndi pensulo ya Kasuba.

Bwana anaima. Anatenga chikatonicho, n'kutsitsa chitseko, n'kukwawira pa matiresi, n'kupisa mkono pa kawindo, n'kuchigunditsa kuchitseko. Chinagona ngati chinabadwira pomwepo. Anatuluka n'kutenga chojambula choyamba chija pakhoma, n'kuziika pamodzi. Zonse zinali za katoni imodzi ya madzi, mong'ambika mwake n'kulumikizana.

"Unajambula ndiwe?"

"Inde, bwana."

"Nanga ichi chinali kuti masiku onsewa?"

Chingerezi sichinathawe ulendo uno. "Palibe anandifunsa, bwana. Za hampu ya ku Hatta palibenso anandifunsa."

Madamu anali ataima pakhomo la khitchini, akumwa tiyi m'kapu ya malemu ija. Anayang'ana mtsikanayo nthawi yaitali, mwina ataona zambiri kuposa zimene ananena. Kenako anauza amuna awo kuti Lolemba akayambe za mapepala a viza ya Tinenenji, zaka zina ziwiri, ndipo za hampuyo akufuna azimve bwinobwino Kasuba ali pomwepo.

Kasuba anatulukira kuchokera kuchipinda chake kuseri, wopanda magalasi akuda, maso ali otupa. Tinenenji sanadzutse mutu. Anatenga sowo, n'kuyesa mano ake ndi chala chachikulu monga ankachitira a Gwengwe, n'kukankhira thabwa kumapeto kwa tebulo.

"Achimwene," anatero, "tabwerani mugwire. Gwirani apa. Osati apo. Apa."