Mwana wa Telala Sangalembe Chonchi

Anthu a mumsewu umenewo ankangowatchula kuti a Telala, ngati kuti padziko panalibe telala wina. Analipo ena, koma ena aja ankasoka thumba la buluku loti ukaikamo kiyi uzikamupeza m'sokosi. A Telala athuwa ankasokera m'kachipinda kopanikizika pakati pa shopu ya mafoni ndi ya wometa tsitsi. Munali makina opalasa ndi mwendo, tebulo lodulirapo nsalu, benchi ya makasitomala, ndi galasi long'aluka pakona lomwe linkanenepetsa aliyense. Anali mayi wamfupi wa mawu aakulu, wosadziwa kunong'ona. Kasitomala akabwera ndi nsalu yonyansa ankamuuza pamaso pomwe kuti ndi yonyansa, kenako n'kumusokera bwino lomwe mpaka kunyansako kuiwalika.

Sukulu iwo anailekeza panjira. Bambo awo atadwala panafunika wina wokhala pakhomo, ndipo m'banja la anyamata okhaokha wina ameneyo sanavute kumupeza. Kuwerenga ankatha, koma kwa chala, milomo ikugwedera. Mwamuna wawo, dalaivala wa malole, anapita ulendo wina n'kukakhazikika komweko, kuwasiyira mwana mmodzi wamkazi. Mwanayo akukwawa anameza batani la shati, nyumba yonse n'kukhala pa ulonda kudikira kuti lituluke. Kuyambira pamenepo dzina lake lenileni linkamveka kusukulu kokha. Kwina konse anali Kabatani.

A Telala sankadula nsalu ya munthu mwachisawawa. Ankayamba ajambula panyuzipepala yakale, mkono, kolala, kutsogolo, kumbuyo, n'kudula pepalalo, kenako n'kuliyala pansalu. Nyuzizo ankawapatsa mlonda wa pa ofesi ina, mtolo wathunthu womanga ndi chingwe. Zotsala zinkagwera pansi pa tebulo, ndipo pansi pa tebulopo ndi pamene Kabatani anakulira, poti kunyumba kunalibe womusiyira.

Palibe anamuuza kuti werenga. Izi zimveke bwino, chifukwa kutsogoloku kukubwera anthu odziwa zonse. Mwana anangotopa ndi kugubuduza timabobini topanda ulusi, n'kuyamba kutola mapepala. Poyamba zithunzi, kenako zilembo zikuluzikulu za pamutu, kenako chilichonse: milandu ya kukhoti, mpira, mauthenga a maliro, makalata a anthu okwiya ndi maenje a mumsewu, ngakhale malangizo a kawetedwe ka nkhuku, chonsecho pakhomo pawo panalibe ndi nthenga yomwe. Mawu akamukanika ankangosuzumira kunja kwa tebulo n'kufunsa aliyense amene wakhala pabenchi.

"Anesi, kutsitsimuka n'chimodzimodzi ndi kudzuka?"

Anesi, omwe anabwera kudzayesa yunifolomu, ankayamba kufotokoza. Wometa tsitsi ankaponya yankho lake kuseri kwa khoma, nthawi zambiri lolakwika, mkangano n'kubuka. Pofika pamene Anesi akunyamuka, mwana anali atatola mawu ena atatu anayi omwe sanafunse n'komwe, ena mwa iwo osayenera mwana.

Vuto linali sizasi. Nkhani ya munthu wogwera m'chitsime inkafika pamene anzake akutsitsa chingwe, basi, pomwepo padutsa khwapa la dilesi ya mwini wake.

"Amayi, mwamudula munthu adakali m'chitsime."

"Ndiye umutulutse wekha. Ine ndili ndi madilesi a ukwati wa eni ake pano."

Ananena zongomuchotsa pamaso, koma mwana anatenga pensulo n'kumutulutsadi. Analemba m'mphepete mwa pepala momwemo kuti chingwe chinaduka, munthuyo anatukwana mlamu wake amene anachigula, kenako anakwera yekha. Anawerengera benchi yonse, anthu anaseka mpaka misozi. Chinakhala chizolowezi. Nkhani iliyonse imene sizasi yadya, Kabatani ankaimaliza. A Telala ankachita ngati sakumva, koma mwendo wawo unkazizira pamakina mwana akayamba kuwerenga. Anayambanso kutembenuza nyuzi asanadule, kuti sizasi izidya zotsatsa malonda ndi nkhope za akuluakulu, nkhani zizipulumuka. Mwana m'malo mothokoza anadandaula. Ati nkhani zathunthu zimatha mosakoma.

Zaka zinapita choncho mpaka Kabatani analowa kalasi ya a Madamu.

A Madamu sanali munthu woipa woti ana n'kumuthawa mumsewu. Anali aukhondo, osachedwa kuntchito, olemba bwino pabolodi. Kungoti anali ndi kaphunzitsidwe kawo. Chimangirizo ankalemba okha pabolodi, ana n'kukopera, n'kuloweza, tsiku la mayeso n'kukasanza momwe anamezera. Kaya mutu ndi galu, kaya ndi msika, kaya ndi mvula, mafupa ake anali omwewo: chinthucho ndi chakuti, ndi chabwino chifukwa chimathandiza dziko, pomaliza ndimachikonda. Ana ankakhoza, makolo ankasangalala, ahedi ankawatchula a Madamu pa msonkhano uliwonse.

Tsiku lina a Madamu anaitanidwa kuofesi asanalembe chawo. Anangosiya mutu pabolodi: Ntchito ya kholo langa. Ana ena anatenga mafupa akale aja n'kusintha mawu amodzi. Kabatani, kusadziwa kwake, anaganiza kuti afunsidwadi za ntchito ya mayi ake.

Analemba za mayi wamasiye amene anabwera ndi jekete la malemu mwamuna wake kuti alichepetse, mwana wake wamwamuna azivala. Mwa zina analemba kuti: "Mayiyo anakana kuti jekete lichapidwe lisanadulidwe. Amayi anga atamasula msoko wa m'thumba anapezamo tikiti ya basi. Mayi uja anaiyang'anitsitsa ngati ingamuuze kumene mwamuna wake anatsikira. Amayi anga anangoyamba kufunafuna ulusi umene unali m'manja mwawo."

Kope linabwerako ndi ziro wamkulu ngati tayala, ndi mawu ofiira pansi pake: Wakopera. Sizinathere pomwepo ayi. A Madamu anamuimika kutsogolo, n'kuwerengera kalasi yonse ndime ija mokometsa mawu, kenako n'kufunsa: "Tandiuzani inu, mwana wa telala angalembe chonchi? Tchula buku limene wabamo." Mwana analibe buku loti atchule. Anaima pamenepo mpaka belu, ndipo pofika pageti anzake anali atamupatsa kale dzina latsopano.

Kunyumba sananene. A Telala anangoona kuti mwana wasiya kutola mapepala, akumangokhala pakhomo la shopu kuyang'ana magalimoto. Anamugwira pamphumi, sanali kutentha. Amene anaulula ndi wometa tsitsi, yemwe mwana wake anali m'kalasi yomweyo. Analowa ndi makina ake m'manja, nkhope ili gwa.

"Achemwali, mwamva zoti mwana wanu kusukulu akumutcha wakuba?"

A Telala anaitanitsa kope, anawerenga ndi chala chawo chija, mzere ndi mzere. Pa tikiti ya basi anaima. Iwo anali ataiwala n'komwe zoti tsikulo anafunafuna ulusi uli m'manja, koma mwana pakona paja anaona zonse. Mtima unawawawa kawiri: koyamba chifukwa cha kukoma kwake, kachiwiri chifukwa cha ziro uja. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'mawa mwake anakhoma shopu, chinthu chimene sanachitepo ngakhale tsiku limene anazula dzino, n'kuuyamba wa kusukulu tepi yoyezera ili m'khosi.

Anawapeza a Madamu m'chipinda cha aphunzitsi akuchonga makope. Aphunzitsi ena awiri anali pawindo ndi makapu awo.

"Madamu, ine ndine mayi wake wa mwana amene mwamulemba kuti wakopera. Jekete limenelo ndinadula ndine. Tikiti imeneyo ndinaipeza ndine ndi zala izi. Tsopano ndiuzeni buku limene linali m'shopu mwanga tsiku limenelo n'kulemba zonsezi."

A Madamu anavula magalasi mwaulemu wonse, ulemu uja woti bola akutukwane.

"Mayi, khalani pansi. Ana ndawaphunzitsa zaka zambiri, ndimadziwa pamene nzeru zawo zimalekeza. Nkhaniyo mwina inachitikadi, koma mawuwa si ake. Ine sindinawaphunzitse mawu amenewa. Kunyumba kwanu kuli mabuku?"

"Kulibe."

"Ndiye mwadziyankha nokha."

"Koma amawerenga. Chiyambire ali kamwana amawerenga nyuzi zimene ndimadulira zovala. Palibe pepala limagwa pansi iye osaliwerenga."

"Eya, ndiye tapeza," anatero a Madamu, n'kutembenukira anzawo a pawindo aja. "Wakopera m'nyuzi."

Taonani msampha wake, abale. Mwana akapanda kuwerenga, mawu sangakhale ake. Akawerenga, ndiye kuti waba. Nanga mawu munthu amabadwa nawo m'kamwa ngati malovu? A Madamu omwewo mawu awo anawatenga kuti, ngati sanawatole kwa anthu ena? A Telala anagwira tepi yawo mbali zonse ziwiri kuti manja asachite zina.

"Muitaneni alembe pano inu mukuona."

"Ndimafuna ndinene zomwezo."

Kabatani anabwera, manja kumbuyo. Anamukhazika patebulo la pakati, pepala loyera patsogolo, mutu womwewo. A Telala anapinda manja pachifuwa, mtima uli m'malo. Ankadziwa mwana wawo. Mwana amene anatulutsa munthu m'chitsime ndi pensulo sangakanike kulemba za shopu imene wakuliramo. Anayamba kale kukonza mawu oti adzanene potuluka.

Mwana anayang'ana a Madamu, anayang'ana aphunzitsi a pawindo. Koma sanayang'ane mayi ake. Analemba mofulumira, osafufuta, n'kupereka. A Madamu anawerenga mokweza.

"Kholo langa ndi telala. Telala ndi munthu amene amasoka zovala. Ntchito ya utelala ndi yabwino chifukwa imathandiza dziko. Pomaliza, ndimaikonda ntchito ya kholo langa."

Anachonga ndi bolopeni yawo yofiira, chonga wamkulu wokhutira.

"Mwaona, mayi? Uku ndiye kulemba kwa mwana. Palibe cholakwika ngakhale chimodzi. Iwe, upepese, nkhani ithe."

"Pepani, Madamu," anatero Kabatani.

A Telala sanakumbuke mmene anatulukira. Anazindikira ali mumsewu, akukoka mwana pamkono, mawu awo aakulu aja akutembenuza anthu a pa siteji ya basi.

"Wandichititsa manyazi iwe. Ndatseka shopu, ndasiya ntchito za anthu, kudzakuimira, iwe n'kulemba zinyalala zimenezija? Imathandiza dziko. Dziko liti limene ndinalisokera ine?"

Mwana anadikira mpaka mayi ake atapuma.

"Amayi, ndikanalemba zanga akanati munandiloweza usiku kunyumba. Ndinawaona nkhope. Mawa akanandiimikanso kutsogolo." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Zawozo n'zosavuta. Ndikamalemba zimenezo palibe anganditchenso wakuba."

A Telala anadziwa kuti mwana sananame. Anamusiya mkono. Pamene anagwira panatsala zidindo za zala.

A Telala anayesetsa ndithu. Anapita kwa ahedi, ahedi anati iwo sangalowerere kachongedwe ka mphunzitsi waluso chotero. Anayamba kudula nkhani dala pakati penipeni, n'kumasiya zidutswa pampando wa mwana. Ankafunsa okha mokweza kuti kaya munthu ameneyu zinamuthera bwanji. Kabatani ankangoti, "Kaya, Amayi," n'kupitiriza kuloweza za pabolodi. Mayeso a teremu imeneyo anakhoza bwino kwambiri. Makasitomala anawayamikira a Telala, iwo n'kumayankha ndi mphuno.

Patapita miyezi ingapo, masana ena, pakhomo la shopu panaima a Madamu ndi siketi yatsopano m'jumbo. Ati amva kuti mumsewu wonse palibe wopinda siketi mowongoka ngati iwo. Sanabwere kudzanyoza ayi, ndipo n'chimene chimapsetsa mtima kwambiri. Anabwera ndi mtima woyera, ngati munthu amene anakuchitira zabwino. Wometa tsitsi anazimitsa makina ake kuseri kwa khoma kuti amve bwino.

A Telala anaiyang'ana siketiyo, anayang'ana mwini wake. Mwana anali adakali ndi teremu ina m'manja mwa mayi ameneyu. Anawalozera kuseri kwa katani kuti akavale.

A Madamu anaima patsogolo pa galasi. A Telala anagwada pansi, mapini ali kukamwa, n'kuyamba kupinda m'munsi.

"Mwana wanu wasintha kwambiri, mayi," anatero a Madamu akudziyang'ana cham'mbali. "Ndinkadziwa kuti akhoza kuwongoka. Masiku ano mukasakaniza chimangirizo chake ndi cha anzake, simungadziwe kuti chake ndi chiti."

A Telala anachotsa mapini kukamwa mmodzimmodzi, n'kuwabaya pansalu, osati pamwendo.

"Tembenukani," anatero. "Ndione kumbuyo."